Zitseko Zimene Zidakana Kutsekuka

Lachitatu pa 30 Disembala 1903, mzinda wa Chicago ku America udagwa m'chisoni chimene mpaka lero sichidaiwalike. Masana a tsiku limenelo moto udabuka m'nyumba ya zisudzo yotchedwa Iroquois Theatre, ndipo anthu pafupifupi 600 adamwalira. Ambiri mwa iwo adali amayi ndi ana amene adapita kukaonera sewero pa tchuthi cha Khrisimasi. Zaka 32 m'mbuyomo, m'chaka cha 1871, moto wina udasakaza gawo lalikulu la mzinda womwewu kwa masiku awiri, nupha anthu ngati 300. Moto wa ku Iroquois udawirikiza kawiri chiwerengero chimenechi m'nyumba imodzi yokha, ndipo ntchito yake yonse udaitsiriza theka la ola lisadakwane.

Chodabwitsa n'chakuti nyumbayo sidagwe. Ozimitsa moto atatha ntchito yawo, makoma adali chilili ndipo denga la pamene pankakhala oonera lidali m'malo mwake. Ambiri mwa akufawo adaphedwa ndi utsi, mdima, kuponderezana, ndiponso zitseko zimene zidakana kutsekuka. Popeza chiwerengero cha 600 n'chachikulu kwambiri kotero kuti mtima wa munthu sungachisenze, nkhani ino itsata banja limodzi lokha mwa mabanja mazanamazana amene adakhuza maliro sabata imeneyo. Ili ndi banja la Gartz, limene lidataya ana aakazi awiri tsiku limodzi.

Banja losasowa kanthu

Mayi wa anawo, Kate Crane Gartz, adabadwa m'chaka cha 1865 m'banja lolemera ndi lotchuka. Bambo awo, a Richard Teller Crane, adayamba kugwira ntchito ali kamnyamata kosauka, ndipo m'chaka cha 1855 adatsekula kanyumba kosungunuliramo mkuwa mu Chicago. Kanyumbako kadakula mpaka kusanduka Crane Company, kampani yopanga mapaipi, mipope ndi zotsekera madzi, imene inkalemba ntchito anthu zikwizikwi. Mlongo wawo wina, Charles R. Crane, adadzakhala kazembe wa America ku China m'chaka cha 1920. Lidali banja lakuti likayankhula, akuluakulu a mzinda ankatchera khutu.

Pofika 1903 Mayi Gartz adali ndi zaka 38, ali pabanja, akulera ana awo m'nyumba imene simunkasowa kanthu. Chuma chikadakhala kuti chimatchinjiriza mwana ku ngozi, ana a Gartz akadakhala otetezeka koposa ana ena onse mumzindamo. Ndipotu sikuti anawo adapita kumalo okayikitsa ayi. Adapita kunyumba yatsopano, yokongola koposa nyumba zonse za zisudzo mu Chicago, imene eni ake adalengeza m'nyuzipepala ndi pamapepala a sewero kuti siingapse ndi moto mpang'ono pomwe. Mumzinda umene akuluakulu ankakumbukirabe moto wa 1871, mawu otere adali ndi mphamvu. Kholo losamala, lofuna kusangalatsa ana ake pa tchuthi, likadasankha nyumba yomweyi.

Chikomekome cha mkuyu

Iroquois Theatre idamangidwa pamsewu wa Randolph, pakati pa misewu ya State ndi Dearborn, ndipo idatsekulidwa pa 23 Novembala 1903. Adajambula mapulani ake ndi Benjamin Marshall, adaimanga ndi a kampani ya George A. Fuller, ndipo oiyendetsa adali Will J. Davis ndi Harry J. Powers, mogwirizana ndi Klaw ndi Erlanger a ku New York. Wolowa ankafikira m'chipinda chachikulu chokutidwa ndi miyala yoyera yonyezimira, nakwera makwerero aakulu okongoletsedwa ngati a kunyumba ya mfumu. Mipando idalipo yoposa 1,600, yoikidwa m'magawo atatu osanjikizana: lapansi la olipira zambiri, lapakati, ndi lapamwamba penipeni la matikiti otsika mtengo.

Koma akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ntchito yomanga idachedwa, ndipo eni ake sadafune kutaya ndalama za nyengo ya Khrisimasi, kotero adatsekula nyumbayo isadathe. Pamwamba pa nsanja ya ochita sewero padali mazenera a padenga amene ntchito yawo idali kutulutsa utsi ndi malawi ngati moto utabuka; mazenerawo adali okhomereredwa. Mipope yothira madzi yokha moto ukayaka mudalibe. Belu lodziwitsa ozimitsa moto mudalibe, ngakhale telefoni kumbuyo kwa nsanja kudalibe. Mapaipi a madzi ozimitsira moto adali asadalumikizidwe. Motero adzukulu a munthu amene adalemera ndi mapaipi adalowa m'nyumba imene mudalibe paipi yotha kuthira madzi pamoto.

Zolakwika zimenezi sizidali zobisika. Mkulu wina wa ozimitsa moto, Patrick Jennings, adayendera nyumbayo isadatsekulidwe, naona kusowa kwa zipangizo, nakauza womuyang'anira, koma palibe chidachitika. Mkonzi wa magazini yotchedwa Fireproof nayenso adaiyendera nalemba zochenjeza. Oyendera nyumba a khonsolo ya mzinda adailola kuti itsekulidwe, ndipo pambuyo pake zidamveka kuti ambiri a iwo adali ndi chizolowezi cholandira matikiti aulere kunyumba za zisudzo. Zida zokha zozimitsira moto zimene zidali kumbuyo kwa nsanja adali mabotolo a malata asanu ndi limodzi otchedwa Kilfyre, odzaza ndi ufa umene mbali yake yaikulu idali soda, wonga yemwe amayi amaika m'therere.

Masana a Lachitatu

Ku Chicago mwezi wa Disembala ndi nyengo ya chisanu choopsa, pamene madzi amauma gwa m'misewu. Sukulu zidali zotseka, ndipo sewero limene linkaonetsedwa, Mr. Bluebeard, lidali la nyimbo, magule ndi nthabwala, lokondedwa ndi ana. Lidachokera ku Drury Lane mu London, ndipo katswiri wake woseketsa anthu adali Eddie Foy. Matikiti a mipando atatha, ogulitsa adapitiriza kugulitsa malo oimirira, mpaka anthu adakwana 2,000 kapena kuposerapo. Ena adaima kumbuyo kwa mipando, ena adakhala pansi m'mipata yodutsamo, natseka njira zimene akadathawiramo.

Nthawi itangopitirira 3 koloko ndi mphindi 15, gawo lachiwiri la sewero lili m'kati, anyamata asanu ndi atatu ndi atsikana asanu ndi atatu ankavina ndi kuimba nyimbo yonena za kuwala kwa mwezi. Nyali yamagetsi yamphamvu, imene inkawalitsa nsanja, idathetheka, ndipo mbaliwali zidagwira nsalu yopyapyala imene idali pafupi. Woyang'anira nyaliyo, William McMullen, adayesa kuzimitsa ndi manja, koma moto udakwera kupitirira pamene dzanja lake likadafika. William Sallers, yemwe adalembedwa ntchito yoyang'anira za moto m'nyumbamo, adawaza ufa wa m'mabotolo aja. Ufa wotere umagwira ntchito ukathiridwa patsinde pa moto, koma moto uwu udali m'mwamba, ndipo ufawo udangogwera pansi wopanda phindu. Kumwambako kudapachikidwa nsalu zikuluzikulu zambirimbiri zojambulidwa ndi utoto wamafuta, pamodzi ndi zingwe zake. Zonsezi zidayaka ngati udzu wa m'chilimwe.

Eddie Foy adali m'chipinda chovalira. Atamva phokoso adapereka mwana wake wamwamuna kwa wantchito wina kuti atuluke naye, iye nathamangira kutsogolo kwa nsanja atavala theka la zovala zake zoseketsa. Adapempha anthu kuti asachite phuma, nauza oimba zing'wenyeng'wenye kuti apitirize kuimba, uku zidutswa za nsalu zoyaka zikumugwera m'mbali. Adafuulanso kuti atsitse chinsalu chotchinga moto, chimene chimalekanitsa nsanja ndi oonera. Chinsaluchi chidatsika pang'ono, kenaka chidakodwa pachitsulo cha nyali chimene chidatulukira panjira yake, nichisiya mpata waukulu kunsi. Ofufuza adapeza pambuyo pake kuti ngakhale chikadatsika chonse sichikadalimba, pakuti m'malo mwa asibesitosi weniweni, mbali yake yaikulu idali phala la mitengo longa limene amapangira mapepala.

Ochita sewero ndi antchito, amene adalipo mazana angapo, adathawira kumbuyo natsekula zitseko zikuluzikulu zolowetsera katundu. Pafupifupi onse adapulumuka, koma kutsekula kumeneku kudalowetsa chimphepo chozizira chimene chidauzira motowo monga momwe mvukuto umauzirira makala a wosula. Mazenera a padenga la nsanja akadakhala otsekula, malawi akadakwera natulukira kumwamba ngati m'chumuni. Popeza adali okhomereredwa, moto udafuna njira ina. Udadzera kunsi kwa chinsalu chokodwa chija, nuwoloka pamwamba pa mitu ya okhala pansi, nulunjika kumagawo awiri a m'mwamba, kumene kudali mabowo otulutsira mpweya kumbuyo kwa mipando. Ena adafera pamipando pawo asadadzuke n'komwe. Nthawi yomweyo magetsi adazima.

Zitseko

Nyumbayo idali ndi zitseko zotulukira pafupifupi 30, ndipo pamapulani zinkaoneka zokwanira kutulutsa anthu onse m'mphindi zowerengeka. Koma chitseko chojambulidwa papepala n'chosiyana ndi chitseko chimene mwana angachipeze mumdima. Pamwamba pa zitsekozo padalibe zikwangwani zosonyeza potulukira, ndipo zambiri zidaphimbidwa ndi makatani olemera kuti zisaononge kukongola kwa makoma. Amene adazipeza popapasa adakumana ndi maloko a mtundu wachilendo, ofala ku Ulaya, amene anthu a ku America sadali kuwadziwa. Frank Houseman, yemwe kale adali katswiri wa masewera a baseball, adatha kutsekula chimodzi chifukwa chakuti kunyumba kwake kudali kabati yoziziritsira zakudya yokhala ndi loko wotere. Moyo wa anthu ambiri udadalira mwayi waung'ono ngati umenewu.

Padalinso zitseko zina zimene zidali zokongoletsera chabe, zosapita kulikonse. Anthu adathamangira kumeneko naunjikana pakhoma. Lamulo la mzinda linkafuna kuti gawo lililonse la m'mwamba likhale ndi makwerero akeake otulukira kunja, koma ku Iroquois njira zochokera m'magawo onse zinkakumana pamakwerero aakulu okongola aja. Otsika kuchokera pamwamba adagundana ndi otuluka m'gawo lapakati. Mmodzi atagwa, am'mbuyo adamugwera, ndipo mulu wa anthu udakula mpaka kupitirira msinkhu wa munthu wamkulu.

Choipitsitsa chidali zipata zachitsulo. Oyendetsa nyumbayo ankaopa kuti anthu a matikiti otsika mtengo angazembere pansi sewero lili m'kati nakakhala pamipando ya olipira zambiri. Pofuna kuletsa zimenezi adaika zipata zachitsulo pamakwerero ena, ndipo sewero likayamba ankazikhoma ndi loko. Masana amenewo zidali zokhoma. Amayi ndi ana amene adafika pazipatazo sadathe kupitirira, sadathenso kubwerera chifukwa cha khamu limene linkawakankha kumbuyo. Zipata zimene zidaikidwa kuti ziteteze kusiyana kwa mtengo wa matikiti zidagwira ntchito yake mokhulupirika mpaka mapeto.

Kumpoto kwa nyumbayo kudali kanjira kopapatiza kotchedwa Couch Place, ndipo kukhoma la mbali imeneyo kudali makwerero achitsulo othawirapo. Nawonso adali osatha, oterera ndi madzi ouma, ndipo malawi otuluka pazitseko za m'munsi ankawamba anthu amene adali pamwamba. Ambiri adalumpha, ena adakankhidwa nagwa. Kutsidya kwa kanjirako kudali nyumba ya Northwestern University, m'mene amisiri ankapaka utoto. Iwowa adayala makwerero ndi matabwa kuchokera pazenera lawo kufika kutsidya, ndipo anthu owerengeka adakwawa pamatabwawo napulumuka. Pansi pawo, m'kanjiramo, mudapezeka mitembo yoposa 100.

Usiku wofunafuna ana

Ozimitsa moto adamva mochedwa, popeza padalibe belu ndipo munthu adachita kuthamanga wapansi kukawauza. Atafika, moto weniweniwo sudawavute. Chidawavuta ndi kulowa, pakuti makomo adatsekeka ndi matupi a anthu. Nyumba yodyeramo ya Thompson, yoyandikana ndi Iroquois, idasanduka chipatala, ndipo madokotala adagoneka ovulala ndi akufa pamatebulo odyerapo. Sitolo yaikulu ya Marshall Field idatumiza mabulangete. Ngolo zonyamula katundu wa m'masitolo zidanyamula mitembo kupita nayo kunyumba zosiyanasiyana zokonzeramo maliro.

Usiku umenewo, ndi masiku otsatira, abambo ndi amayi adayenda m'chisanu kuchoka kunyumba ina ya maliro kupita ku ina, akuvundukula bulangete lililonse. Ena adazindikira ana awo poona nsapato, mphete kapena chidutswa cha diresi chimene adasoka okha. Pamzere umenewu padalibe wolemera kapena wosauka. Pamndandanda wa akufa umene nyuzipepala zidasindikiza padali mabanja amene adatheratu, padali aphunzitsi a sukulu za mumzindamo oposa 30, ndipo dzina lakuti Gartz lidalembedwapo kawiri. Anthu ngati 575 adafa tsiku lomwelo, ena adatsirizikira m'zipatala, ndipo chiwerengero chimene chimatchulidwa kawirikawiri ndi 602.

Meya wa mzindawo, Carter Harrison, adaletsa phokoso lolandirira chaka chatsopano, ndipo pa 2 Januwale 1904 mzinda wonse udakhala pa maliro, mabelu a matchalitchi akulira. Nthawi imeneyo oyendetsa ngolo za akavalo, kuphatikizapo zonyamula maliro, adali atanyanyala ntchito pofuna malipiro abwino. Atamva za ngoziyo adaimika kunyanyala kwawo nabwerera kuntchito kuti akufa aikidwe mwaulemu. Maliro n'kulirana, ndipo antchito osaukawa adasonyeza kuti ankadziwa zimenezi.

Mlandu wopanda wolakwa

Mu Januwale 1904 bwalo lofufuza za imfa lidamva umboni kwa milungu ingapo, nilitchula anthu amene lidawaona kuti ayenera kuyankha mlandu. Pakati pawo padali Will J. Davis, mkulu wa ozimitsa moto William Musham, mkulu woyang'anira zomangamanga George Williams, ndi meya yemwe. Meyayo adamasulidwa ndi woweruza posakhalitsa. Ena nawonso milandu yawo idazimirira umodzi ndi umodzi. Maloya a Davis, motsogozedwa ndi Levy Mayer, adazengereza mlandu kwa zaka zitatu, naupempha kuti ukazengedwe kutali ndi Chicago ponena kuti anthu a mumzindamo adali ndi mkwiyo. Udakazengedwa ku Danville mu Malichi 1907. Kumeneko sadatsutse kuti zitseko zidali zokhoma kapena kuti madzi mudalibe. Adangoti lamulo la mzinda lonena za chitetezo cha nyumba za zisudzo silidakhazikitsidwe moyenera, kotero silikadatha kumanga munthu. Woweruza adavomereza, ndipo Davis adatuluka mfulu.

Motero pa imfa za anthu 600 padalibe mwini nyumba, womanga kapena woyendera nyumba amene adagona m'ndende chifukwa cha chigamulo. Amene adalangidwa adali mwini malo ena omwera mowa, wopezeka wolakwa pa mlandu wobera akufa. Mabanja owerengeka okha ndiwo adalandira chipukuta misozi cha madola 750 pa munthu mmodzi kuchokera kukampani yomanga ija. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Nyumbayo idakonzedwa nitsekulidwanso chaka chisadathe, pansi pa dzina lina, ndipo kuyambira 1905 inkatchedwa Colonial Theatre kufikira idagumulidwa m'chaka cha 1925.

Chimene banja lidachita ndi chisoni chake

Banja la Gartz silidasowe madola 750. Chimene lidasowa ndi chimene mabanja onse adasowa: munthu woimirira pagulu n'kuvomera kuti ana aja adafa chifukwa cha zochita zake. Chimenechi ndalama za Crane Company sizidathe kugula. Abale a akufa adapanga bungwe lotchedwa Iroquois Memorial Association, ndipo mmodzi mwa olitsogolera adali Richard T. Crane wamng'ono, mlongo wa Mayi Gartz ndi malume wa ana aja. Bungweli lidaganiza kuti chikumbutso choyenera chidzakhala chipatala cha anthu ogwa m'ngozi pakati penipeni pa mzinda, popeza tsiku la moto ovulala adagonekedwa pamatebulo odyerapo. Iroquois Memorial Hospital idatsekulidwa m'chaka cha 1910. Mmisiri Lorado Taft adasula chikwangwani cha mkuwa chokumbukira akufa, ndipo chipatalacho chitagumulidwa, chikwangwanicho chidasamutsidwira ku City Hall, likulu la khonsolo ya mzindawo.

Mayi Gartz adatenga njira yawoyawo. Patapita zaka adasamukira ku Altadena m'boma la California, kumene akadatha kukhala chete m'nyumba yaikulu, akudya chuma cha makolo. M'malo mwake adasanduka munga kwa anthu aulamuliro. Ankalemba makalata kwa oweruza, kwa akuluakulu a polisi, kwa akonzi a nyuzipepala ndi kwa apulezidenti amene, kudzudzula kumangidwa kwa antchito onyanyala ntchito ndi kwa anthu otsekeredwa chifukwa cha maganizo awo pa ndale. Ankaperekanso ndalama zawo pothandiza omangidwawo. M'chaka cha 1923, antchito a padoko la San Pedro atanyanyala ntchito, wolemba mabuku Upton Sinclair adamangidwa chifukwa chowerenga pagulu ndime ya malamulo aakulu a dziko yonena za ufulu woyankhula. Pa nkhani imeneyi padabadwa nthambi ya kum'mwera kwa California ya bungwe loteteza ufulu la American Civil Liberties Union, ndipo Mayi Gartz adali mmodzi mwa olichirikiza. Chaka chomwecho mkazi wa Sinclair, Mary Craig Sinclair, adasonkhanitsa makalata awo m'buku lotchedwa The Parlor Provocateur.

Mtima womvera chisoni antchito udalimo kale m'banjamo, pakuti mng'ono wawo, Frances Crane Lillie, nayenso adamangidwapo mu Chicago m'chaka cha 1915 poima pamodzi ndi osoka zovala amene adanyanyala ntchito. Komabe woona moyo wa Mayi Gartz sangalephere kuuika pambali pa zimene zidachitika pamsewu wa Randolph. Mayi ameneyu adaona ndi maso momwe lonjezo la anthu olemekezeka lidasandukira bodza, momwe oyendera nyumba adatsinzinira, ndi momwe bwalo la milandu lidapezera kampata kotulutsirapo wamphamvu pamene ana adasowa potulukira. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mpaka imfa yawo m'chaka cha 1949, zaka 46 chichitikireni motowo, sadaleke kufunsa akuluakulu mafunso amene iwo sadafune kuyankha.

Mpiringidzo wokankha

Ngakhale mabwalo a milandu adalephera, imfa zija sizidapite pachabe. Meya Harrison adatseka nyumba zonse za zisudzo mu Chicago kwa milungu ingapo kufikira zitakonzedwa, ndipo mizinda ina ya ku America ndi ku Ulaya idayenderanso nyumba zawo. Malamulo adakhwimitsidwa: zitseko zotulukira zisamakhomedwe anthu ali m'kati, pamwamba pake pakhale chikwangwani chowala ngakhale magetsi ena atazima, mipata yodutsamo isamakhalidwe, ndipo mu Chicago chotchinga moto cha pansanja chikhale chachitsulo.

Padalinso munthu wina, Carl Prinzler, wogulitsa zipangizo zachitsulo kukampani ya Vonnegut mumzinda wa Indianapolis. Iyeyu adakonza zokaonera sewero lomwelo, koma ntchito idamugwira. Atamva za zitseko zija sadapeze mtendere, ndipo pamodzi ndi mnansi wake Henry DuPont adapanga loko wokhala ndi mpiringidzo wachitsulo wopingasa chitseko cham'kati. Wakunja sangalowe, koma wam'kati akangoutsamira, chitseko chimatsekuka chokha. Mwana wamng'ono angathe, munthu wa mumdima angathe, ndipo khamu likamakankhana, kukankhako ndiko kumatsekula. Adayamba kuugulitsa m'chaka cha 1908 pa dzina lakuti Von Duprin, lolumikiza mayina a Vonnegut, DuPont ndi Prinzler. Ku England nzeru yofanana ndi imeneyi idabadwa kale, ana 183 atafa poponderezana pachitseko chopiringidzidwa m'holo ya Victoria ku Sunderland m'chaka cha 1883. Mbali zonse ziwiri za nyanja, chida chimenechi chidagulidwa ndi miyoyo ya ana.

Pamalo pamene padali Iroquois padamangidwa Oriental Theatre m'chaka cha 1926, imene kuyambira 2019 imatchedwa James M. Nederlander Theatre, ndipo kanjira ka Couch Place kakadalipo kumbuyo kwake. Anthu amalowa ndi kutuluka mosaganizira za zitseko, ndipo umu ndi m'mene ziyenera kukhalira.

Amene adaphetsa ana a Gartz sadali zigawenga. Adali womanga wofulumira, mwini nyumba wowerengera phindu la Khrisimasi, woyendera nyumba wolandira tikiti yaulere, ndi wantchito wokhoma chipata chifukwa adauzidwa kutero. Aliyense adali ndi chifukwa chooneka chanzeru tsiku limenelo. Zifukwa zomwezo zimamvekabe kulikonse kumene anthu amasonkhana: m'holo ya sukulu imene chitseko chake chachiwiri chidakhomedwa kuti osalipira asalowe, m'nyumba yogona ophunzira imene mazenera ake adatchingidwa ndi zitsulo poopa akuba, m'chipinda choonetseramo kanema chokhala ndi khomo limodzi lokha. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mphunzitsi amene wasonkhanitsa ana m'chipinda chotere ali ndi mafunso atatu oyenera kuyankhidwa mwambo usadayambe: makomo alipo angati, kiyi ali ndi yani, ndipo kodi mwana wamng'ono koposa onse angathe kutuluka yekha magetsi atazima.